Zaka za nyenyezi: amaziwerenga bwanji, nanga tiwakhulupirire mpaka pati?

Nkhani za sayansi zikamaulutsidwa pa wailesi kapena kulembedwa m'nyuzipepala, timamva kuti nyenyezi yakutiyakuti ili ndi zaka 11 biliyoni, ina zaka 100 miliyoni, ndipo ziwerengerozo zimanenedwa mopanda chikayiko chilichonse. Akatswiri a zakuthambo eni akewo salankhula motero. Amadziwa kuti pa zonse zimene munthu angafunse zokhudza nyenyezi, msinkhu ndi umene umaimitsa mitu kwambiri. Mfundo yanga m'mayankho otsatirawa ndi imodzi: zaka za nyenyezi palibe amene amaziyeza, amachita kuziwerengera kuchokera ku zinthu zina. Choncho chiwerengero chiyenera kukhulupiriridwa ngati njira ziwiri kapena zitatu zosadalirana zakumana pamodzi, komanso ngati wochinenayo waulula kuti angaphonye ndi zaka zingati.

Kodi chovuta n'chiyani, poti kutentha ndi mtunda wa nyenyezi amazidziwa kale?

Kutentha kwa nyenyezi, mtunda wake ndi zinthu zimene zili m'kati mwake zimasiya chizindikiro m'kuwala kumene kumafika pa telesikopu. Nyenyezi yabuluu ndi yotentha kwambiri, yofiira ndi yozizirirapo. Akagawa kuwalako m'mitundu yake, mumaoneka timizere takuda, ndipo kamzere kalikonse kali ndi mwini wake: aka n'ka hayidirojeni, ako n'ka chitsulo. Powerenga timizere timeneti, a Cecilia Payne anasonyeza mu 1925 kuti nyenyezi n'zopangidwa makamaka ndi hayidirojeni ndi heliyamu. Koma msinkhu ulibe kamzere kake. Chimene chimakalamba m'nyenyezi ndi pakatikati pake, pamene hayidirojeni akusanduka heliyamu. M'Dzuwa malo amenewa amatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni. Ife pakatipo sitipaona, timangoona kunja, ndipo kunjako kumasintha pang'onopang'ono zedi. Dzuwa litangoyamba kuwala linkatulutsa pafupifupi 70 peresenti ya kuwala kwake kwa lero, ndipo kuti lifike pamene lilipa papita zaka 4.6 biliyoni. Telesikopu yakhalapo zaka 400 zokha ndi pang'ono. Palibe amene angakhale pansi n'kumaonerera nyenyezi ngati Dzuwa ikukalamba. Nyenyezi ziwiri zimatha kufanana mtundu ndi kuwala komwe, chonsecho ina ndi yaikulu kwa inzake ndi zaka mabiliyoni angapo.

Nanga zaka za Dzuwa anazidziwa bwanji?

Anazidziwa kudzera m'miyala, osati m'kuwala, ndipo ichi n'chimene chimalisiyanitsa ndi nyenyezi zina zonse. Dzuwa, mapulaneti ndi timiyala toyandama m'mlengalenga zinachokera ku mtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi, ndipo timiyalato tina timagwa padziko pano n'kutoledwa. M'miyalayo muli yureniyamu, amene amasanduka mtovu pa liwiro losasintha: theka la yureniyamu-238 limasanduka pakapita zaka 4.47 biliyoni. Mukayeza yureniyamu wotsala ndi mtovu umene wapangika, mwadziwa nthawi imene yadutsa chiumire mwalawo. A Clair Patterson a ku America anatsata njira imeneyi ndipo mu 1956 analengeza kuti dziko lapansi lili ndi zaka 4.55 biliyoni. Mu February 1969 mwala waukulu unaphulikira m'mwamba n'kumwazika pafupi ndi mudzi wa Allende ku Mexico. Mukaudula, m'kati mwake mwakuda mumaoneka timadontho toyera, tina tosakwana milimita, tina tofika sentimita, todzaza kasiyamu ndi aluminiyamu. Timadontho totere ndi zinthu zolimba zakale kwambiri zimene munthu anazigwirapo m'manja, ndipo tili ndi zaka 4.567 biliyoni. Apa kuphonya kwake sikufika ngakhale zaka 1 miliyoni.

Ndi bwino kukumbukira zimene zinachitika miyalayi isanayezedwe. M'zaka za m'ma 1800 a Lord Kelvin a ku Britain anawerengera kuti Dzuwa silingapose zaka mamiliyoni makumi ochepa, poganiza kuti limatentha chifukwa chofinyika ndi kulemera kwake komwe. Masamu awo anali olondola. Chimene chinasowa ndi gwero lenileni la motowo, limene a Arthur Eddington analilozera mu 1920 ndipo a Hans Bethe anadzalilongosola mu 1939. Pa nkhani ya zaka za nyenyezi, cholakwika chachikulu sichichokera kawirikawiri m'kuwonkhetsa. Chimachokera ku chinthu chimene sichinalowe n'komwe m'masamumo chifukwa panalibe amene ankachidziwa.

Poti nyenyezi zinazo sizitigwetsera miyala, amayambira pati?

Amayambira pa kulemera kwa nyenyezi, chifukwa kulemera ndiko kumalamula kutalika kwa moyo wake. Munthu angaganize kuti nyenyezi yaikulu ikhalitsa popeza ili ndi hayidirojeni wambiri, koma zoona zake n'zosiyana. Nyenyezi yolemera kuwirikiza ka 10 kuposa Dzuwa ili ndi hayidirojeni wochuluka ka 10, koma imawala kuwirikiza masauzande, motero imatha m'zaka zosakwana 30 miliyoni. Ndi moto wa mapesi: umalilima n'kuzima, pamene chikuni cha tsanya chimanyeka mwakachetechete mpaka m'mawa. Dzuwa lili pakati, moyo wake wonse ndi wa zaka pafupifupi 10 biliyoni. Betelgeuse, nyenyezi yofiira ya m'gulu la Orion, ili ndi zaka pafupifupi 10 miliyoni zokha koma yatupa kale ndipo ili kumapeto.

Mfundo imeneyi imagwira ntchito bwino pa nyenyezi zobadwira pamodzi. Nyenyezi zambiri zimabadwa m'magulu, kuchokera ku mtambo umodzi, pa nthawi imodzi, ndipo zonse zili pa mtunda wofanana kuchokera kwa ife. Cha m'ma 1911 ndi 1913, a Ejnar Hertzsprung a ku Denmark ndi a Henry Norris Russell a ku America, aliyense payekha, anajambula tchati choika kutentha kwa nyenyezi mbali imodzi ndi kuwala kwake mbali inayo. Nyenyezi zimene zikadali ndi hayidirojeni pakati pake zimandandalika pa mzere umodzi wopendekera, zotentha ndi zowala kumtunda, zozizira ndi zozilala kumunsi. Gulu likamakalamba, mzerewu umayamba kutha kuchokera kumtunda, chifukwa zikuluzikulu ndizo zimayamba kuchoka, n'kutupa n'kufiira. Ndiye katswiri amafufuza pamene mzerewo wapindikira, n'kufunsa kuti: nyenyezi yolemera chonchi imatenga zaka zingati kuti imalize hayidirojeni wake? Yankho lake ndiwo msinkhu wa gulu lonse.

Taonani Nsangwe, zimene m'mabuku a zakuthambo amazilemba kuti Pleiades. Ndi maso timawerengapo 6 kapena 7, koma gululi lili ndi nyenyezi zoposa 1,000, ndipo zowala kwambirizo ndi zabuluu. Kupezeka kwa zabuluuzo ndi umboni wakuti gululi ndi laling'ono msinkhu, zaka zongopitirira 100 miliyoni. Gulu lotchedwa M67 zabuluu zotere linataya kale, ndipo lili ndi zaka pafupifupi 4 biliyoni. Kummwera kwa thambo kuli 47 Tucanae, limene ku Malawi ndi ku Zambia mungathe kuliona usiku wopanda mwezi ngati kadontho kosaoneka bwinobwino, koma ndi mpira wa nyenyezi mazana a masauzande. Mmenemo ngakhale nyenyezi zolemera ngati Dzuwa zinachoka kale pa mzere, ndipo zaka zake ndi pafupifupi 12 biliyoni.

Komatu zimenezo zikudalira zowerengera za pa kompyuta. Zikalakwika?

Zimalakwikadi, ndipo wofunsa chonchi ali ndi mfundo. Choyamba ndi mtunda. Mukaganiza kuti gulu lili pafupi pamene lili kutali, mudzayesa nyenyezi zake zozilala kuposa mmene zilili, n'kuzipatsa zaka zochuluka. Ngakhale Nsangwe, zimene zili pafupi, zinautsa mkangano: setilaiti ya Hipparcos mu 1997 inati kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 390 kuti kutipeze, pamene njira zina zinkati 440. Mkanganowo unatenga zaka zoposa 15, mpaka matelesikopu a mafunde a wailesi mu 2014, kenako setilaiti ya Gaia, anatsimikiza kuti 440 ndiye zoona. Chachiwiri ndi fumbi la m'mlengalenga, limene limafiiritsa kuwala n'kuchititsa nyenyezi yotentha kuoneka yozizira. Chachitatu, chimene ndimachiona chachikulu, ndi kutakasika kwa mpweya m'kati mwa nyenyezi. Ngati mpweya wotentha wa pakati ukubwadamukira kunja pang'ono n'kubweretsa hayidirojeni watsopano, nyenyeziyo imakhalitsa kuposa mmene masamu osaganizira zimenezi anganenere, ndipo kukula kwa kutakasikaku sikuwerengereka mwachindunji, amachita kuyerekeza. Palinso nyenyezi zonamiza. Mu 1953 a Allan Sandage anapeza nyenyezi zabuluu m'gulu lakale kwambiri la M3, mmene siziyenera kupezeka. Lero tikudziwa kuti zimenezi zinayamwa mpweya wa nyenyezi inzake kapena zinaphatikana ziwiri, n'kuoneka zazing'ono msinkhu. M'gulu zimagwidwa msanga chifukwa zinzake zimazitsutsa, koma yotere ikakhala yokha ingapusitse aliyense.

Chimene chimandichititsa kukhulupirirabe njirayi n'chakuti ili ndi poiyesera. Lithiyamu amapsa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 2.5 miliyoni. Tinyenyezi ting'onoting'ono kwambiri timatakasika thupi lonse, ndiye pakati pake pakangofika kutentha kumeneku, lithiyamu yense amatha m'kanthawi kochepa. Ndipo kanyenyezi kakachepa, kamachedwa kufika pamenepo. Choncho m'gulu muli malire pakati pa tinyenyezi timene tikadali ndi lithiyamu ndi timene tilibe, ndipo malirewo amatsika gulu likamakula. Atayeza malire amenewa mu Nsangwe mu 1998, anapeza zaka pafupifupi 125 miliyoni, kuposa zimene ambiri ankanena poyang'ana nyenyezi zikuluzikulu. Kusiyanako sikunabisidwe. Kunasonyeza kuti kutakasika kwa pakati kuja n'koona ndipo kuyenera kulowa m'masamu. Njira ina inakonza inzake chifukwa ziwirizi sizilakwa mofanana: ina imayang'ana nyenyezi zazikulu, ina zazing'ono.

Bwanji nyenyezi imene ili yokha, yopanda gulu?

Apa ndiye pagona vuto, chifukwa nyenyezi zambiri zimene timaziona zinabalalika kalekale kuchoka m'magulu mmene zinabadwira. Njira imodzi ndi kuona mmene ikuzungulirira. Nyenyezi zonga Dzuwa zimabadwa zikuzungulira mwaliwiro, koma mphepo ya tinthu ting'onoting'ono imene zimatulutsa, yogwidwa ndi mphamvu ya maginito, imazichedwetsa pang'onopang'ono. Mu 1972 a Andrew Skumanich anayerekeza Nsangwe, gulu la Hyades ndi Dzuwa, n'kupeza kuti msinkhu ukawirikiza kanayi, liwiro limatsika ndi theka. Dzuwa lero limatenga masiku pafupifupi 25 kuti lizungulire kamodzi chapakati pake. Kuyeza kwake n'kosavuta kwenikweni: nyenyezi imakhala ndi mawanga akuda, ndipo wanga likatembenukira kwa ife kuwala kumatsika pang'ono, likapita kuseri kumakweranso. Telesikopu ya Kepler, imene inagwira ntchito kuyambira 2009 mpaka 2018, inayang'anitsitsa nyenyezi pafupifupi 150,000 ndipo inayeza kuzungulira kwa masauzande ambiri. Koma Kepler yomweyo ndi imene inaulula malire a njirayi. Mu 2016 a Jennifer van Saders ndi anzawo anasonyeza kuti nyenyezi zina zikafika cha pa msinkhu wa Dzuwa zimaleka kuchedwa monga mwa lamulo lija, ndipo zimaoneka zazing'ono kuposa zaka zake zenizeni. Kwa nyenyezi zokalamba, njirayi siyodalirika payokha.

Anazindikira bwanji zimenezo? Chifukwa panali njira ina yamphamvu kuposa, yomvetsera kunjenjemera kwa nyenyezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 a Robert Leighton anaona kuti pamwamba pa Dzuwa pamakwera ndi kutsika mphindi pafupifupi 5 zilizonse. Amenewa ndi mafunde a phokoso oyenda m'kati mwa Dzuwa, ena osaya, ena ofika pafupi ndi pakati penipeni. Liwiro la mafundewa limadalira mpweya umene akudutsamo, ndipo heliyamu akachuluka pakati liwirolo limasintha. Apa tsono tapeza chimene tinkachisowa poyamba paja: njira yofikira pamene ukalamba weniweni ukuchitikira. Kunjenjemerako kumasintha kuwala ndi magawo ochepa chabe pa 1 miliyoni, n'chifukwa chake pamafunika telesikopu ya m'mlengalenga yoyang'ana nyenyezi imodzi kwa miyezi kapena zaka. Ndi njira imeneyi anapeza mu 2015 kuti Kepler-444, nyenyezi ya mapulaneti 5 ocheperapo kuposa dziko lathu, ili ndi zaka 11.2 biliyoni, kuphonya kwake pafupifupi 1 biliyoni. Kumeneko ndiye kuchita bwino kwambiri pa nyenyezi yopanda gulu.

Tinamvapo za nyenyezi yaikulu msinkhu kuposa chilengedwe chonse. Kodi si umboni wakuti zonsezi n'zongopeka?

Nyenyeziyo ndi HD 140283, imene ena anaipatsa dzina la Metusela. Mu 2013 a Howard Bond ndi anzawo, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Hubble, anati ili ndi zaka 14.46 biliyoni, ndipo chaka chomwecho setilaiti ya Planck, poyeza kuwala kotsala kwa chiyambi cha chilengedwe, inasonyeza kuti chilengedwe chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Mitu ya nkhani inathamangira kusiyanako, koma inasiya mbali yachiwiri ya chiwerengerocho: ofufuzawo ananena kuti angaphonye ndi zaka 0.8 biliyoni uku kapena uku. Chotsani 0.8 pa 14.46, mutsala ndi 13.66, ndipo mkangano watha. Kuchuluka kwa okosijeni m'nyenyeziyo, kumene n'kovuta kuyeza, kumasuntha yankho kwambiri, ndipo kafukufuku wina wa mu 2021 anaitsitsira pa zaka pafupifupi 12 biliyoni. Wofalitsa chiwerengero popanda malire ake sanafupikitse nkhani, waisintha, ndipo ndimaona kuti kumeneko n'kuwalakwira owerenga.

Njakata yeniyeni inalipo m'zaka za m'ma 1990. Magulu akale onga 47 Tucanae ankapatsidwa zaka 15 biliyoni kapena kuposa, pamene kufutukuka kwa chilengedwe kunkalozera zaka zocheperapo ndithu. Mbali zonse ziwiri zinali ndi cholakwa. Zotsatira za Hipparcos mu 1997 zinasonyeza kuti maguluwo ali kutali kuposa mmene ankaganizira, ndiye kuti nyenyezi zake n'zowala kwambiri ndiponso zazing'onopo msinkhu. Mu 1998 magulu awiri a ofufuza anapeza kuti kufutukukako kukuwonjezera liwiro, zimene zinakweza zaka za chilengedwe. Palibe amene anakhotetsa chiwerengero chake kuti asangalatse mnzake. Aliyense anapeza cholakwa m'ntchito yake.

Koma kodi njira zonsezi sizikungotsamirana, ina kudalira inzake?

Ili ndi funso lolemera kuposa onse, ndipo mbali ina yankho ndi inde. Njira ya kuzungulira inakhazikitsidwa pa zaka za magulu ndi za Dzuwa. Zaka za magulu zimachokera ku masamu a m'kati mwa nyenyezi, ndipo masamuwo amawongoledwa kuti atulutse Dzuwa monga lilili pa zaka 4.6 biliyoni. Nyumba yonseyi yakhala pa nyenyezi imodzi. Ngakhale Dzuwalo silinathe kudziwika: kuyambira cha m'ma 2005 akatswiri akhala akutsutsana za kuchuluka kwa okosijeni ndi zinthu zina m'Dzuwa, chifukwa miyezo ina yatsopano sinagwirizane ndi zimene mafunde a m'kati mwake akusonyeza.

Komabe si zonse zotsamirana. Kunjenjemera kwa Dzuwa kumapereka msinkhu wogwirizana ndi wa miyala ya Allende, chonsecho phokoso ndi yureniyamu n'zosakhudzana. Nyenyezi zakufa, zotsala za nyenyezi zonga Dzuwa zimene zafinyika mpaka kukula ngati dziko lapansi, zilibenso moto, zimangozizira, ndipo a Leon Mestel analongosola liwiro la kuzizirako mu 1952. Zozizira kwambiri za m'gulu la M4 zimapereka zaka zapakati pa 12 ndi 13 biliyoni. Palinso nyenyezi zochepa zakale zimene kuwala kwake kumasonyeza yureniyamu ndi thoriyamu. Mu 2001 a Roger Cayrel ndi anzawo, ndi telesikopu ya VLT ku Chile, anapeza yureniyamu mu CS 31082-001 n'kuwerengera zaka 12.5 biliyoni, kuphonya kwake 3 biliyoni. Mu 2007 a Anna Frebel anapeza 13.2 biliyoni pa HE 1523-0901. Njira imeneyi ndi yofooka, chifukwa kamzere ka yureniyamu n'kozilala ndipo kuchuluka kwake pachiyambi amachita kukuwerengera. Koma kufooka kwake n'kwakekwake, sikufanana ndi kwa njira zinazo. Panalibe chokakamiza kuti nyenyezi zozizira, yureniyamu, magulu akale ndi kuwala kotsala kwa chiyambi cha chilengedwe zikumane pakati pa zaka 12 ndi 14 biliyoni. Zikanatha kupereka 5, 30 ndi 80. Kukumana kwake ndiwo umboni umene ndimauona wolimba.

Popeza kuwala kumatenga nthawi, kodi sitikuwerenga zaka zakale?

Inde, koma kusiyanako n'kochepa. Kuwala kwa Nsangwe kunanyamuka zaka 440 zapitazo, ndipo zaka 440 pa 125 miliyoni sizisintha kanthu. Mu Mlalang'amba wathu wonse kuchedwaku sikupitirira zaka masauzande makumi angapo.

Nanga zonsezi zili ndi phindu lanji, ndipo patsala pati?

Pulaneti imabadwa pamodzi ndi nyenyezi yake, choncho zaka za nyenyezi ndizo zaka za pulaneti. Dziko lathu linakhala zaka zoposa 2 biliyoni okosijeni asanachuluke mumpweya wake, zimene zinachitika zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo. Mukayang'ana pulaneti ina n'kupeza kuti ilibe okosijeni, tanthauzo lake limasiyana kwambiri ngati ili ndi zaka 1 biliyoni kapena 8 biliyoni. Mbiri ya Mlalang'amba nayonso, yoti ndi mbali iti inayamba ndipo ndi nyenyezi ziti zinachokera ku milalang'amba ina imene unameza, singalembedwe popanda madeti.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nyenyezi zochuluka kwambiri ndizo zovuta kwambiri. Pafupifupi zitatu mwa nyenyezi zinayi zilizonse mu Mlalang'amba ndi tinyenyezi tofiira, tochepa kuposa Dzuwa, timene tingathe kuwala zaka mabiliyoni mazanamazana. Chiyambire chilengedwe palibe ngakhale kamodzi kamene kanamaliza hayidirojeni wake, ndiye pa tchati chija sitisuntha, ndipo kunjenjemera kwake n'kochepa kwambiri moti sikunayezeke. TRAPPIST-1, kanyenyezi ka mapulaneti 7 kamene kuwala kwake kumatipeza pakapita zaka pafupifupi 40, ndi chitsanzo. Mu 2017 ofufuza anasonkhanitsa umboni wonse umene akanatha, kuzungulira kwake, mayendedwe ake mu Mlalang'amba ndi zitsulo zake, n'kufika pa zaka 7.6 biliyoni, kuphonya kwake 2.2 biliyoni. Ndiye kuti kakhoza kukhala ka zaka 5.4 biliyoni kapena 9.8 biliyoni. Ngakhale pa nyenyezi zonga Dzuwa, zimene n'zosavutirapo, telesikopu ya PLATO ya bungwe la European Space Agency inapangidwa ndi cholinga chofikitsa kuphonya pa 10 peresenti. Pa nyenyezi ya msinkhu wa Dzuwa, 10 peresenti ndi zaka pafupifupi 460 miliyoni.